Mamilimita 31 amene ndinkawadelera

Pa zipangizo zonse za kandege kanga koyendera batire, risiva ndi imene sindinkaiganizirako. Mota ndinaisankha mosamala, mapiko ndinawayeza kangapo, koma risivayo, kabokosi kolandira malamulo ochokera ku limoti, ndinangokapanikiza pamene panali mpata, pambali penipeni pa batire. Timawaya take tiwiri ta eriyo ndinatipinda pamodzi kuti tisamalendewere. Zinkaoneka zaudongo ndithu.

Patebulo zonse zinkayenda. Vuto linaonekera poyesa mtunda, ndege isanauluke. Ndinaika limoti pa mphamvu yochepa n'kuyenda masitepe 30, mnzanga atanyamula ndege n'kumaitembenuza pang'onopang'ono. Mphuno italoza kwa ine, masevo (timakina tosuntha ziwongolero za ndege) anayamba kunjenjemera, kenako zii. Akaipendeketsa pang'ono, ankadzukanso. Mtima unandigunda, chifukwa ndege imaloza choncho nthawi iliyonse ikamabwerera kudzatera.

Ndinabwerera kukawerenga, ndipo apa mpamene ndinamvetsa. Malimoti ambiri a tindege a masiku ano amagwiritsa ntchito mafunde a 2.4 GHz, ndipo funde limodzi pamenepo ndi lalitali masentimita pafupifupi 12.5. Eriyo yeniyeni ndi kansonga kopanda chikuto kumapeto kwa waya, kotalika gawo limodzi mwa magawo anayi a fundelo, mamilimita ngati 31. Waya wina wonsewo ndi njira chabe yofikitsira uthenga m'bokosi. Mafunde afupi chonchi salambalala zinthu mosavuta: batire ya LiPo, mota, ngakhale ndodo za kaboni zolimbitsira mapiko, zonsezi zimaika mthunzi. Ine ndinali nditabisa makutu onse awiri a ndege kuseri kwa batire.

Chinanso chimene chinandidabwitsa n'chakuti eriyo imamva bwino cham'mbali, koma kumene nsonga yake yaloza imakhala ngati yogontha. N'chifukwa chake opanga amaika ziwiri, kuti imodzi iloze kwina, inayo ipingase pa madigiri 90. Kuzigoneka pamodzi monga ndinachitira n'kutaya phindu lonse la eriyo yachiwiriyo. Panopa imodzi yagona motsatira thupi la ndege, ina yaima chilili, iliyonse m'kapaipi kapulasitiki kuti nsonga isapindike. Risiva ndinaisunthira kumbuyo, kutali ndi ESC (kabokosi kolamulira liwiro la mota) ndi mawaya onenepa a mota, n'kuimata ndi velikiro kuti kugwedezeka kusazule mapulagi.

Kulumikiza sikunavute kwenikweni. Pulagi ya sevo ili ndi mawaya atatu: wakuda kapena wofiirira ndi negetivi, wofiira wapakati ndi wa moto, woyera kapena waolenji ndi wa uthenga. Ndinasangalala kuzindikira nzeru yoika wofiira pakati: ukalowetsa pulagi chadodolido, sevo imangokhala chete osapsa. Risiva yanga ilibe batire yakeyake. Imadya mavoti 5 ochokera ku BEC (kachipangizo kotsitsa mphamvu ya batire) ya mu ESC, kudzera pa waya womwewo wolamulira liwiro la mota. Pofunika kusamala ndi pa manambala a matchanelo, malo olowetsa mapulagi pa risiva. Pa marisiva a kampani ya Futaba mota ili pa tchanelo 3, pamene pa a Spektrum ili pa 1. Kuloweza za mtundu umodzi n'kukazichita pa wina n'koopsa, ndiye pulopela ndimaichotsa kaye ndisanagwire waya uliwonse. Mota yamagetsi siichenjeza, imangolilima pompo.

Chomaliza chinali kuiphunzitsa risiva chochita ikasiya kumva limoti. Ndinaikonza kuti mota izizima. Ndinayesa pozimitsa limoti dala mota ikuzungulira, pulopela kulibe, ndipo inaima.

Dzulo tinabwereza masitepe 30 aja. Mnzanga anaitembenuza ndege mbali zonse, chagada, cham'mbali, mphuno kwa ine, mchira kwa ine, ine ndikugwedeza chiwongolero osaleka. Chinayankha ulendo wonse.