Msonkho wa mpingo ku Virginia: zomwe ndaphunzira pa mkangano wa 1784 mpaka 1786

Powerenga mbiri ya malamulo aakulu a dziko la America, gawo limene landichedwetsa kwambiri ndi la mkangano umene udabuka m'chigawo cha Virginia zaka zingapo First Amendment, ndime yoyamba yowonjezeredwa pa malamulowo, isanalembedwe. Pakati pa mkanganowo padali funso la ndalama: kodi boma lingatolere msonkho wolipirira abusa?

Virginia isanachoke mu ulamuliro wa Britain idali ndi mpingo wa boma, wa Anglican, ndipo m'busa wake ankalandira fodya wolemera mapaundi 16,000 pa chaka, wosonkhedwa kwa anthu a m'parishi, kaya amapemphera kumeneko kaya ayi. Mlaliki wa mpingo wina ankayenera kukatenga chilolezo, koma a Baptist ambiri ankakana, ponena kuti wowatuma ndi Mulungu osati bwanamkubwa. James Ireland atamutsekera m'ndende ya ku Culpeper mu 1769, ankalalikirabe kudzera m'zitsulo za pazenera kwa anthu osonkhana panja. James Madison, amene pambuyo pake adadzakhala pulezidenti wa America, adakulira pafupi ndi dera limenelo, ndipo mu 1774 adalembera mnzake kalata yodandaula za anthu otsekeredwa chifukwa cha chikhulupiriro chawo.

Msonkho wakalewo udathetsedwa m'kati mwa nkhondo ya ufulu, matchalitchi ambiri ndi kuyamba kusowa abusa. Mu 1784 Patrick Henry, phungu wa nyumba ya malamulo ya Virginia, adabwera ndi bilu yomwe, kunena chilungamo, idali yokonzedwa mwanzeru. Aliyense akanapereka msonkho wothandizira aphunzitsi a Chikhristu, koma iye mwini ndi amene akanatchula mpingo wolandira ndalama zakezo, ndipo za munthu wosatchula mpingo zikanapita ku sukulu za m'dera lake. Palibe mpingo umene ukanakwezedwa pamwamba pa unzake, ndipo ngakhale George Washington, mtsogoleri wa asilikali pa nkhondo ya ufulu ija, sadaone choopsa m'mfundo yoti anthu azilipirira chipembedzo chimene amatsata.

Apa ndi pamene ndaphunzirapo zambiri, chifukwa kutsutsa lamulo lankhanza n'kosavuta, pomwe kutsutsa lamulo looneka lachilungamo kumafuna mfundo yozama. Henry atasankhidwa kukhala bwanamkubwa ndi kuchoka m'nyumba ya malamulo, Madison adakwanitsa kuimitsa biluyo kuti anthu ayambe aiwerenga, kenaka mu 1785 adalemba chikalata chotsutsa biluyo chotchedwa Memorial and Remonstrance popanda kuikapo dzina lake. Mwa mfundo zake 15, ziwiri ndizo zandigwira mtima. Iye adati ulamuliro umene ungakhazikitse Chikhristu ndi kusiya zipembedzo zina kunja, ungathenso mawa kukhazikitsa mpingo umodzi ndi kusiya ina yonse kunja, ndiponso kuti boma lomwe lingakakamize nzika kupereka mapeni 3 okha ku mpingo lingathe kuikakamiza pa china chilichonse cha chipembedzo. Kuchepa kwa ndalamazo sikudamutonthoze konse, popeza iye ankayang'ana mphamvu imene anthu akanaipereka m'manja mwa boma.

Mabuku ambiri amathera pa Madison, koma ine ndikuona kuti ulemu waukulu uyenera kupita kwa anthu opemphera. Zikalata zotsutsa biluyo zochokera kwa a Baptist ndi Akhristu ena zidasainidwa ndi anthu ochuluka kuposa chikalata cha Madison, ndipo chifukwa chawo chidali cha chikhulupiriro: Uthenga Wabwino udafalikira zaka mazana atatu oyambirira popanda thandizo la mafumu, tsono m'busa wodya za boma adzayamba kuopa boma. Biluyo idafera pomwepo, ndipo pa 16 Januwale 1786 nyumba ya malamulo idavomereza lamulo la ufulu wa chipembedzo lomwe Thomas Jefferson, mtsogoleri wina wa ku Virginia, adalilemba mu 1777; pa nthawi yolivomerezayo mwini wake adali ku Paris. Sindingaiwale kutchula kuti onse awiri, Jefferson ndi Madison, adali ndi akapolo, omwe ufulu wosonkhana ndi kupemphera udali m'manja mwa ambuye awo.

Za boma lalikulu n'zodziwika. Malamulo aakulu a dziko a 1787 adaletsa kufunsa munthu za chipembedzo chake asanapatsidwe udindo m'boma la dziko lonse, ndipo First Amendment ya 1791 idaletsa Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, kukhazikitsa chipembedzo kapena kuletsa anthu kupembedza. Koma chiletsocho chidamanga Congress yokha, zigawo ayi. N'chifukwa chake a Baptist a m'tauni ya Danbury adalembera Jefferson, amene pa nthawiyo adali pulezidenti, mu 1801 akudandaula kuti kwawo ku Connecticut ufulu wawo unkatengedwa ngati chifundo cha boma. Yankho lake la pa 1 Januwale 1802, lotchula khoma lolekanitsa mpingo ndi boma, lidatchuka kwambiri, koma pulezidentiyo adalibe mphamvu yosinthira lamulo la chigawo chawo. Connecticut idasiya mpingo wa boma mu 1818, ndipo Massachusetts idatsatira mu 1833.