Lilongwe mpaka Joni: musanalipire, funsani kumene ndege ikudzera

Ndafika bwino, ndagona, koma mtima sunatsikebe. Inu amene mukukonzeka kukwera ndege koyamba kupita ku Johannesburg, ndalama musatulutse musanafunse kuti ndegeyo ikudzera kuti.

Kuchoka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kukatera pa OR Tambo ndi makilomita pafupifupi 1,500. Ndege yolunjika imatenga maola awiri ndi theka basi, ndipo nthawi yathu ndi ya ku South Africa ndi imodzi. Nchifukwa chake ndinauza alamu anga kuti nsima yamasana asadye, andidikire.

Amene anandigulitsa tikiti pa kaofesi kena m'tauni anangoti, "Bambo, yotchipa ndi iyi, tengani isanathe." Sanandiuze kuti ikuzungulira ku Nairobi. Papepala panali LLW, NBO, JNB, ndipo anali ndi mpata wonse wondifotokozera kuti zilembo zapakatizo ndi bwalo lina. Ndinazidziwira pa kauntala atandipatsa ma boarding pass awiri.

Nairobi ili kumpoto, abale! Makilomita 1,400 kuthawa kumene ukupita, maola awiri, kenako makilomita 2,900 kutsika kumwera, maola ena anayi, kudutsanso cha kufupi ndi kwathu komwe unachoka. Koma chinandipweteka kwambiri ndi kudikira pakatipo. Maola asanu ndi atatu pampando, chikwama pamiyendo, foni ikutha moto, maso pa bolodi la ndege. Kapu ya tiyi ndi kabanzi kamodzi ndinalipira madola amene ndinasungira transipoti ya ku Joni. Ndalama imene ndimati ndapulumutsa pa tikiti inayamba kuthera pomwepo.

Ndisanaiwale, Kenya ili patsogolo ndi ola limodzi, ndipo nthawi zolembedwa pa tikiti ndi za dziko limene muli. Mukatera sinthani wotchi nthawi yomweyo. Chinanso, mayi wina amene tinakhala pafupi anali ndi nkhawa ya khadi lachikasu la katemera wa yellow fever, chifukwa South Africa imalifuna ukadikira maola opitirira 12 pa bwalo la dziko limene kuli matendawa, ndipo Kenya ili m'gululo. Wogulitsa tikiti uja za khadili sanatchule n'komwe.

Ku OR Tambo zinayenda bwino. Pasipoti yathu amadinda masiku 30 popanda viza, bola mukhale ndi tikiti yobwerera komanso adiresi ya kumene mukukafikira. Ndinatuluka usiku kwambiri, alamu akuwodzera m'galimoto, achemwali atatenthetsa ndiwo kawiri.

Choncho funsani kumene ikudzera, ndipo akuwerengereni maola onse kuyambira kunyamuka mpaka kufika, osati a mumlengalenga okha. Ngakhale zina zochoka ku Lilongwe zimayamba zaima ku Chileka, zimenezonso funsani. Tikiti yobwerera ndikusintha mawa, andidule chindapusa ngati akufuna.