Khoswe wa ku Ottawa ndi zimene ndinkaganiza za CD4

Sabata ino m'kalasi tinafika pa matenda amene thupi limadziukira lokha, ndipo aphunzitsi anatiuza tikawerenge za khoswe wotchedwa BB. Ndinayamba Lachiwiri madzulo. Lero ndi Loweruka ndipo ndikadali pa jini imodzi yokha, Gimap5, chifukwa yandisokonezera chinthu chimene ndinkaona ngati ndinachimvetsa kalekale.

Makoswewa anapezeka mu 1974 ku BioBreeding Laboratories mumzinda wa Ottawa ku Canada, pakati pa makoswe oyera a mtundu wa Wistar. Ena mwa iwo ankangoyamba kudwala shuga popanda wowapatsa mankhwala alionse. Akafika miyezi iwiri mpaka inayi amayamba ludzu, kukodza pafupipafupi ndi kuonda, ndipo akapanda kubayidwa insulini amafa, monga zimakhalira ndi ana odwala shuga ya mtundu woyamba. Olakwa ndi maselo a T, maselo oyera a m'magazi oteteza thupi, a khosweyo mwini: amalowa mu kapamba n'kuononga maselo opanga insulini.

Apa ndi pamene ndinaima. Mukayeza magazi a khosweyu, maselo a T ndi ochepa zedi. Mwa mitundu yawo iwiri ikuluikulu, a CD8 pafupifupi palibe, a CD4 atsala pang'ono. Ife kuno tinakula tikumva mawu akuti "CD4 yatsika" ndipo tanthauzo lake timalidziwa tonse: asilikali a m'thupi achepa, matenda alionse angolowa. Nanga thupi loti asilikali ake atha, mphamvu yoonongera kapamba wake likuitenga kuti?

Jini yochititsa kuchepaku, Gimap5 ija, inadziwika mu 2002. Magulu awiri, lina la Åke Lernmark ku Seattle ndi lina la ku Denmark, anaipeza pa chromosome 4 ya khoswe. Chimene chinavuta n'chaching'ono kwambiri: chilembo chimodzi cha DNA chinasowa. Selo limawerenga zilembozi zitatuzitatu, choncho chimodzi chikachoka, zonse za kutsogolo zimawerengedwa molakwika, ndipo puloteni imatuluka yoduka. Khoswe amene watengera jini yolumalayi kwa mayi ndi bambo omwe amapangabe maselo a T mu thymus, kachiwalo ka m'chifuwa komwe maselowa amakulira, koma akangotuluka sakhalitsa, amafa asanakhwime.

Yankho la funso langa ndinalipeza mu ntchito yakale kuposa pamenepo, ya Aldo Rossini ndi John Mordes a ku Worcester, Massachusetts, pamodzi ndi Dale Greiner, m'zaka za m'ma 1980. Pali chizindikiro chotchedwa RT6 chimene selo la T la khoswe limakhala nacho likakhwima kunja kwa thymus, ndipo pakati pa maselo okhala nachowa pali ena amene ntchito yawo ndi kuletsa anzawo. Khoswe wodwalayu alibe maselo amenewa. Ofufuzawa atamuika maselo ochokera kwa m'bale wake wosadwala, shuga sinabwere. Kenako anachita mobwereza mmbuyo: anachotsa maselo a RT6 mwa khoswe wosadwala uja, ndipo anayamba kudwala. Kuyesa kwa mbali ziwiri kotereku ndi kumene kunandikhutiritsa, ndipo ndikuganiza kuti kumaposa zithunzi zokongola zonse za m'buku lathu.

Ndiye mawu akuti "asilikali" ndi amene ankanditseka m'maso. Si onse amene amamenya nkhondo. Ena ali ngati akuluakulu a m'mudzi amene amaleretsa ndewu isanakule. Mudzi ukhoza kutsala ndi anthu ochepa, koma ngati oleretsawo ndi amene apita, anyamata awiri atatu otsalawo akhoza kutentha nkhokwe ya kwawo komwe. M'kope langa ndinali nditajambula mzere umodzi, uku chitetezo chofooka, uku chitetezo chopyola muyeso. Tsamba limenelo ndalilembanso, chifukwa khosweyu ali ndi zonse ziwiri nthawi imodzi.

Gimap5 payokha siibweretsa shuga. Pamafunikanso majini a RT1u a pa chromosome 20, ofanana ndi HLA mwa anthu, amene amasankha zidutswa zimene maselo a T aonetsedwe. Jini yolumala yomweyi ataisamutsira mwa makoswe a mtundu wa PVG, matenda anakagwira matumbo. Kusowa kwa oleretsa kumatsegula khomo, koma chiwalo chimene chivulale chimadalira majini ena. Ndiyeneranso kusamala pa mayeso: ana ambiri odwala shuga ya mtundu woyamba sakhala ndi maselo a T ochepa chonchi, choncho khosweyu akutiphunzitsa kayendedwe ka chitetezo, osati chithunzi chenicheni cha mwana wodwala. Anthu nafenso jiniyi tili nayo, pa chromosome 7, ndipo mu 2021 kunafalitsidwa za odwala obadwa nayo yolumala amene mitsempha ya magazi ya m'chiwindi chawo inavutika.

Usiku wathawu ndinabwerera ku nkhani ya HIV ndi maso ena. Anthu ena akayamba ma ARV, CD4 n'kukwera bwino, patapita chaka kapena kuposerapo amadwala matenda a Graves, pamene chitetezo chimaukira chithokomiro. Kale ndinkangoloweza zimenezi ngati mfundo ya padera. Tsopano ndaziika pa tsamba limodzi ndi khoswe wa BB, ndipo Lolemba ndiyambira pamenepo.