Lachiwiri, 16 Sepitembala 2025: ndavota ndi agogo

Agogo andidzutsa kusanache, atavala kale chitenje chawo cha kutchalitchi, chiphaso chovotera atachikulunga m'kapepala ka shuga. "Iwe, dzuka. Tikapeza anzathu atatha."

Malo ovotera amatsegulidwa 6 koloko, koma pomwe timafika pasukulu ya pulaimale ya kwathu kuno mzere unali utafika kale pamtengo wa mango. Ogwira ntchito a MEC, bungwe loyendetsa zisankho, anaitana okalamba, amayi oyembekezera ndi aulumali kuti apite kutsogolo. Agogo anakana kaye, ati ali ndi miyendo ngati wina aliyense. Anachita kuwanyengerera mayi wina wobereka mwana: "Agogo, pitani, mutidalitsire bokosi."

Ine ndinatsala pamzere maola awiri. Nkhani zake zinali zomwezi za masiku ano: mtengo wa chimanga, feteleza, mizere ya mafuta. Koma panalibe wotchula amene akamuvotere.

Chimene chandikhala mumtima ndi zomwe agogo anandiuza m'njira. Ulendo wawo woyamba kuponya voti unali pa 14 Juni 1993, pa referendamu, posankha pakati pa nyali (ulamuliro wa zipani zambiri) ndi tambala wakuda (ulamuliro wa chipani chimodzi). Akuti masiku amenewo nkhani za ndale zinkakambidwa monong'ona, chitseko chili chotseka, ndipo ngakhale malemu agogo aamuna sanawauze zomwe anasankha. Lero chala chawo chinavuta kuwerengeka pamakina otsimikizira ovota. Khasu linafufuta mizere yake kalekale. Mtsikana wa pamakinapo anachipukuta ndi kansalu, n'kuyesanso modekha mpaka zinatheka. Ndinkaonera patali, mtima uli m'mwamba, kuopa kuti awabweza.

Nthawi yanga itakwana anandipatsa mapepala atatu: la pulezidenti, la phungu, la khansala. La pulezidenti linali lalitali, maina 17, aliyense ndi chithunzi chake. M'kachipinda kovotera muja munali zii. Miyezi yonseyi takhala tikumva zimkuzamawu pamagalimoto, nyimbo, malonjezo, mikangano ya pa WhatsApp ya kubanja. Pamenepo ndinatsala ndekha ndi cholembera. Ndinachonga pang'onopang'ono kuti ndisadumphire m'kabokosi ka wina, podziwa kuti wopambana ayenera kupitirira theka la mavoti onse, ndiye pepala lowonongeka ndi kutaya kwenikweni.

Atatseka 4 koloko ndinabwererako kukaonera kuwerenga. Mamonita a zipani anakhala moyandikana pamabenchi a ana asukulu, pepala lililonse likukwezedwa m'mwamba kuti onse alione. Mdima unagwa akuwerengabe.

Kunyumba ndapeza agogo ali pakhonde akusadzula nkhwani, inki ikadali bii pachala. Ndinawafunsa mwamasewera kuti avotera ndani.

"Agogo ako aamuna sindinawauze, ndiye ndiuze iwe? Bweretsa mchere."