Mmene ndinathanirana ndi milkvetch kuseri kwa nyumba kuno ku Colorado

Amene muli kuno ku America chakumadzulo, Colorado, Wyoming, New Mexico uko, ndipo nyumba yanu inayandikana ndi tchire, kachitsamba aka mukumana nako ndithu chisanu chikangotha. Amakatchula milkvetch, asayansi amati Astragalus. Masamba ake ndi timasamba tondondozana ngati ta bwemba, maluwa apepo kapena oyera, kenako kamabereka timakoko ta nyemba poti ndi banja limodzi ndi nyembazo. Kwa ife kanamera m'mbali mwa mpanda, pomwe ana amasewera ndi galu daily.

Poyamba ndinangokajambula pafoni nkuika pa iNaturalist, app ija yothandiza kuzindikira zomera ndi nyama ukaikapo chithunzi. Inandiuza kuti ndi Astragalus basi, koma mtundu wake weniweni ayi, ndipo nzomveka chifukwa mitundu yake ilipo pafupifupi 3,000 padziko lonse ndipo yambiri imafanana zedi. Apa ndi pomwe pali nkhani, chifukwa ina ilibe vuto olo pang'ono, ku China muzu wa mtundu wina ndi mankhwala kumene, koma ina ndi poizoni weniweni, ndiye munthu wa pa intaneti akangokuuzani kuti milkvetch ndi wabwinobwino mufunseni kaye kuti akunena uti.

Ndiye ndinazula kamodzi konse, muzu, maluwa ndi makoko omwe, nkupita nako ku ofesi ya zaulimi ya county yathu, zija amati extension. Makokowo osawasiya chonde, ndi amene amawathandiza kusiyanitsa. Kathu kanali kaubweyaubweya, masamba otuwa ngati kawazidwa phulusa, ndipo anati ndi Astragalus mollissimus, m'gulu lomwe alimi akuno amati locoweed. Poizoni wake ndi swainsonine, ndipo chodabwitsa nchakuti amapangidwa ndi kafangasi kokhala mkati mwa chomeracho. Mahatchi, ng'ombe ndi nkhosa zikadya kwa masabata angapo zimayamba kudzandira, kuonda, kuchita ngati zapenga, zabere zimatha kutaya ana. Kuuma sikuchotsa poizoniyo. Palinso mitundu ina imene imakoka selenium wambiri m'dothi (mchere wina wake umene ukachuluka umasanduka poizoni), ina ili ndi poizoni winanso wopha ziweto mofulumira.

Galu sadya tchire ngati mbuzi, ndiye kuti afike pomwe imafika hatchi nzovuta, koma wathuyu ndi kamwana kotafuna chilichonse ndiye sindinafune zoyesa. Ana ndi amene ndinkada nawo nkhawa kwambiri, timakoko tija timakopa, wamng'onoyo akamasewera zophikaphika amatola chilichonse chooneka ngati ndiwo. Ndinasunga manambala awiri mufoni, wa Poison Control (othandiza munthu akameza poizoni) 1-800-222-1222 amene ndi waulere usana ndi usiku, ndi wa ASPCA, bungwe loteteza ziweto, 888-426-4435, awa nthawi zina amalipiritsa. Mwana akameza musamusanzitse, mutsukeni mkamwa, imbani pompo, ndipo sungani chidutswa cha chomeracho kuti adokotala akachione.

Kuchotsa kwake ndinadikira mvula igwe kaye dothi lifewe, chifukwa kali ndi muzu umodzi wolowa pansi kwambiri ndipo ukakoka ndi manja umangodula pamwamba, ndiye ndinavala magolovesi nkukumba ndi fosholo mozungulira mpaka muzu wonse utuluke. Chitani izi makoko asanaume, akayamba kulira tsekeretsekere mukawagwedeza ndiye kuti mbewu zakhwima kale ndipo mungozimwaza pabwalo. Zonse ndinaika mujumbo lakuda nkutaya mubini, osati pamanyowa. Mbewu zake zimakhala m'dothi zaka zambirimbiri, ndiye chaka chilichonse maluwa akayamba ndimayendera mpanda wonse, tating'ono timazuka mosavuta.

Kuseri kwa mpanda kudakali kambiri, ndi malo a boma amenewo sindingakakumbe, ndiye galu kumeneko amayenda pachingwe ndipo ana ndinawatengera komweko nkuwaonetsa kuti aka sitithyola. Oweta akalulu kapena mbuzi, musawamwetere udzu kutchire kotereku.