Denga lagalasi pa Khwekhwerere

Ndalama zonse zinali K9 miliyoni ndendende. Theka linachokera ku chipereganyu cha kuntchito kwanga, theka linalo ku banki m'khonde ya mayi a Chisomo, kotero pa galimoto imene tinkafuna kugulayo ine ndinali ndi mphamvu pa matayala awiri okha. Tinkafuna ya mipando 7: ife awiri, ana atatu, ndi malo a apongozi akabwera, poti amabwera ndithu.

Titazungulira Lilongwe yense, zinatsala ziwiri, zonse zochokera ku Japan koma zoti zadya kale fumbi la kuno zaka zingapo. Yoyamba inali Toyota Sienta ya 2008, yasiliva, injini ya 1NZ ya malita 1.5, yophwanyika pang'ono pa chitseko chakumanzere, mtengo K8.9 miliyoni, mwini wake wosachotsapo ngakhale tambala. Yachiwiri inali Nissan Lafesta ya 2007, injini ya MR20 ya malita 2.0, mtengo K7.4 miliyoni. Imeneyi denga lake linali galasi, kuyambira pamutu pa dalaivala kukafika cha kumbuyo. Ukakhala m'kati umaona mitambo ikuyenda.

Ku Sienta ndinapita ndi makaniko wanga wa ku Biwi. Anakakamira kuti tifike 6 koloko m'mawa, mwini wake asanailize, chifukwa injini yotentha imabisa matenda. Anayamba wakhudza injini ndi dzanja kuti atsimikize kuti yagonadi. Anatsegula chotsekera oyilo n'kuyang'ana kunsi kwake ngati kuli zoyera zonga chambiko, zomwe zimasonyeza kuti madzi akulowa mu oyilo. Panalibe. Anatsegula rediyeta injini ikadali yozizira, n'kuiliza, makutu ali tcheru pa masekondi oyambirira aja pomwe tcheni cha taimingi chotha chimachita phokoso. Kenako anayang'anitsitsa madzi a mu rediyeta kwa mphindi zisanu kuti aone ngati akutulutsa thovu, chizindikiro cha gasiketi yopsa. Madzi anali zii. Poyesa pamsewu anapotoza chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, ndipo kumanzere kunamveka kuti kha-kha-kha: CV joint, cholumikizira chopereka mphamvu ku tayala lakutsogolo, inali itatha. Mashoko akumbuyo anali akudontha, kagudumu ka chitseko chotsetsereka kanali katadyeka, ndipo pa matayala panali nambala 3418, kutanthauza kuti anapangidwa sabata ya 34 ya 2018. Atawerengera zonse anati ndikonzekere K450,000, osaiwala kusintha umwini ku Road Traffic, COF (chiphaso chakuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi.

"Madala, iyi matenda ake ndi oonekera," anatero akupukuta m'manja. "Chilichonse chimene ndatchulachi ndikachigula wapansi mu Biwi momwemuno, ndibwerako nsima isanapse."

Ine ndinangomva K450,000 ija basi.

Ku Lafesta ndinapita ndekha. Makaniko amafuna K20,000 ulendo uliwonse, ndipo ndinaona kuti zonse zimene anachita dzulo lake ndaziloweza. Dobadoba anati ndifike masana. Ndinapeza injini ikulira kale.

"Taitenthetseratu, bigi, kuti musavutike."

Ndinathokoza. Ndinathokozadi, ndi manja awiri.

Pa dashibodi pankaoneka makilomita 88,000, koma labala wa pa buleki anali atatha mpaka chitsulo kuonekera. Pa felemu ya chitseko panali kapepala komata ka zilembo za Chijapani, ndipo pakati pake ndinatha kuwerenga 141,200. Nditafunsa, dobadoba sanaphethire n'komwe: imeneyo ndi nambala ya foni ya galaja ya ku Japan. Nditafuna kusolola kachitsulo koyezera mafuta a giyabokosi, kanakana kutuluka. Anati giyabokosi zamakono amazimata kufakitale, sizitsegulidwa mpaka Yesu adzabwere. Tinaiyesa makilomita anayi pamsewu wa see, wailesi ili pamwamba, ine maso ali kudenga.

Madzulo bwalo linakhala. Mayi a Chisomo ankafuna Sienta.

"Bambo a Chisomo, galimoto imene yadzaza msewu wonse ndiye kuti ili ndi chifukwa chake."

"Chifukwa chake ndi matola," ndinayankha. "Mukufuna tikamapita ku tchalitchi anthu azitiimika n'kumafunsa kuti ku Area 25 ndi zingati? Komanso apa titsala ndi chenji cha K1.6 miliyoni."

Mawu akuti chenji ndi amene anagamula mlandu.

Masabata atatu oyamba zinali bwino, kungoti m'mawa ikamanyamuka inkanjenjemera pang'ono ngati munthu wa malungo, ndipo ine ndinkati ndi mphamvu za malita 2.0. Kenako linafika Tsiku la Anakubala, pa 15 October, ndipo ndinalengeza kuti apongozi tikawaonetsa nyanja ku Monkey Bay. M'mawa, tisananyamuke, ndinadina batani kuti chinsalu chotchinga denga chitseguke, apongozi aone chimene mwana wawo anakwatiwa nacho. Chinatseguka bwinobwino. Titafika pa Nathenje dzuwa litayamba kuluma, ndinadinanso kuti chitseke. Kamota kanangoti kwii, basi. Amene akudziwa dzuwa la October adziwa kuti tinali ngati tomato wa mu greenhouse. Podutsa pa Dedza apongozi anali atafunyulula ambulera m'kati mwa galimoto, ndipo anayenda nayo choncho, osanena kanthu, mpaka kunyanja.

Popita, Khwekhwerere ndi wotsika, kuchokera pa Masasa kukafika ku Golomoti, ndiye galimoto iliyonse imaoneka yamphamvu. Pobwerera m'pamene pali nkhani. Tinali anthu 6, matumba awiri a mpunga a makilogalamu 50, dengu la usipa ndi mikeka itatu. Pa ngodya yachitatu kunayamba kulira kwina kochokera pansi, kopyapyala ngati chigayo chikamagaya chopanda chimanga. Muvi wa injini unakwera kufika pa 4,000, koma liwiro linali 20. Ndikaponda, phokoso linkawonjezeka, liwiro ayi. Kenako galimoto inadzigwira yokha, osalolanso injini kukwera, n'kuyamba kukwawa moti mnyamata wokankha njinga ya nkhuni anatipitirira n'kutipatsa moni. Fungo la zopserera linalowa. Pa dashibodi panalibe nyali ngakhale imodzi yoyaka, zomwe zinandilimbitsa mtima kwambiri. Ndinaima pambali, ana n'kutsika kukasaka miyala yoika kumatayala.

Zimene zinkachitika pansipo ndinazimva mawa lake, koma ndizinene pompano. Galimoto zonse ziwirizi zili ndi giyabokosi ya CVT. Mulibe magiya a mano osinthana ngati a kale aja. Muli mapule awiri amene amafutukuka ndi kupanikizana, ndi lamba wachitsulo pakati pawo. Chimene chimafinya lambayo kuti asaterereke ndi mphamvu ya mafuta opopedwa, ndipo mafutawo amapangidwa mwapadera kuti chitsulo chizigwira chitsulo chinzake. Nissan ya zaka zimenezo imafuna mafuta otchedwa NS-2, Sienta imafuna CVT Fluid TC. Mukathiramo ATF, mafuta ofiira aja a giyabokosi wamba za otomatiki, pamsewu wa see galimoto imayenda ndithu, koma ikakumana ndi chitunda, katundu ndi kutentha, mafuta amapyapyala, lamba amaterereka n'kumapala mapule, ndipo kompyuta imachepetsa mphamvu kuti ipulumutse chotsala. N'chifukwa chake makilomita anayi a dobadoba aja sakanaulula kanthu. CVT imayesedwa kwa theka la ola, itatentha, pachitunda, anthu ali m'kati, wailesi itazima.

Tili chiimire, kumunsi kunamveka galimoto ikubwera mosatekeseka. Inali Sienta yasiliva. Itayandikira, mayi a Chisomo anandikoda ndi chigongono n'kuloza ndi mlomo chitseko chakumanzere. Kuphwanyika kuja ndinakuzindikira. M'kati ndinawerenga mitu 9, osawerengera mbuzi imene inkasuzumira kumbuyo. Dalaivala anatsitsa galasi.

"Masasa, Dedza! Malo alipo, amayi!"

Apongozi anapinda ambulera yawo mwaulemu wonse.

"Bambo, musadandaule za ife. Inu tsalani muzisamala denga."

Ndinalipira anthu asanu, matumba awiri ndi dengu, pa mtengo umene munthu amalipira akakhala kuti alibe pothawira. Mmene onsewo anakwaniramo musandifunse, ndinangoona chitseko chotsetsereka chija chikutsekeka, kagudumu kake kodyeka kakulira monga makaniko ananenera, galimoto n'kunyamuka ulendo wokwera phiri. Ine ndinadikira mphindi 40 kuti mafuta azizire, n'kukwera pang'ono, n'kuimanso. Ndinapuma katatu ndisanaone Masasa, mikeka yokha ndiyo inali anzanga.

Ku Biwi makaniko sanandikalipire. Anangotembenuza kiyi osaliza injini, n'kundiuza kuti ndiwerenge nyali. Pamenepo nyali zonse zochenjeza zimayenera kuyaka kaye: ya batire, ya oyilo, ya ABS, ya airbag, ya check engine. Ya check engine kunalibe. Atamasula dashibodi tinapeza kachidutswa ka tepi yakuda atakamata mwaluso pamwamba pa nyaliyo, ntchito yaukhondo kuposa ina iliyonse imene inachitikapo pa galimotoyo. Atalumikiza kompyuta inatulutsa P0868, kusonyeza kuti mphamvu ya mafuta opita ku pule yachiwiri ndi yochepa. Kachitsulo koyezera kaja, kamene kankadikira kubwera kwa Yesu, kali ndi kaloko kakang'ono. Anangokadina ndi sikuludiraiva yaing'ono, kachitsulo n'kutuluka. NS-2 watsopano amakhala wobiriwira mopepuka. Wanga anali wofiira moderako, akununkha ngati nyemba zopserera. Atamasula sampu, kabeseni ka mafuta ka pansi pa giyabokosi, maginito a pansi anali atamera ndevu za tizitsulo.

"Madala, K20,000 ija munaisunga bwino?" Ndi funso lokhalo limene anafunsa.

Njira zinali ziwiri. Yotchipa: kukhetsa mafuta katatu, chifukwa ulendo umodzi amatuluka malita anayi kapena asanu okha, ena amatsalira m'kati, kusintha masefa onse awiri, ya mu sampu ndi yapepala ya kuseri kwa kula (kachipangizo koziziritsa mafuta), n'kutsuka kulayo. Yodula: kugula giyabokosi ina yakale. Iye anati lamba wapala kale mapule, mafuta atsopano sangabwezeretse chitsulo chimene chili pa maginito. Ine, monga katswiri wa zosankha, ndinasankha yotchipa. Inadya K420,000 ndipo inagwira ntchito masabata atatu. Giyabokosi inabwera pa K1.9 miliyoni, kuphatikiza K150,000 yomangira ndi mafuta enanso atsopano. Chenji chija chinapita chonse n'kuitananso anzake ku banki m'khonde, kumene tsopano dzina langa limatchulidwa pa msonkhano uliwonse. Za petulo ndinayeza podzaza thanki, kuyenda, n'kudzazanso: makilomita 9 pa lita m'tauni. Mnzanga wa Sienta akuti amapeza 13, koma ndasiya kumufunsa.

Galimoto ikuyenda tsopano. Kamota ka chinsalu sikanapezeke mu Biwi monse, ndiye kudenga tinamatako katoni ya sopo, imene imagwa tikaponda bampu. Dzulo apongozi anaimba foni kunena za ulendo wa Khirisimasi. Ndinawauza kuti ndidzawatenga ndekha pakhomo. Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa ngati ndinasunga nambala ya mnyamata wa Sienta uja.