Thanki yachitatu ya amber ale

Sabata yathayi ndikanaiiwala msanga pakanapanda zimene zinachitika Lachitatu. Lolemba ndi Lachiwiri tinalawa mowa wa pa fakitale yathu monga mwa nthawi zonse ndi kulemba zotsatira, ndipo panalibe chodandaulitsa kupatula kuti tonse tikulimbirana hydrometer imodzi, kachipangizo koyezera kuchuluka kwa shuga mu mowa, chiswekereni inzake mwezi watha.

Lachitatu m'mawa anandibweretsera mowa wa mtundu wa amber ale wa m'thanki yachitatu. Poona ndi maso, mowawo unalibe chilema: unali wofiirira ngati mkuwa, thovu lake linali lokhalitsa, ndipo fungo la chimera cha crystal, chimene chimaupatsa kuzuna kwa karameli, linamveka tambula isanafike n'komwe pakamwa. Koma nditameza pang'ono, kukhosi kunatentha, ndipo m'mphuno munatsala kafungo konga ka mankhwala osungunulira penti. Ndinatsuka m'kamwa, ndinalawanso, ndipo sizinasinthe.

Mowawu timaufulula kuti ukhale wa 5.2 peresenti, koma uwu unafika 6.8, chifukwa pa hydrometer unayambira pa 1.060 n'kutsikira mpaka pa 1.008 yisiti itasandutsa shuga kukhala mphamvu ya mowa. Anzathu a usiku anauwiritsa mopitirira nthawi, madzi ambiri n'kuuma. Choipa kwambiri n'chakuti makina oziziritsira anafa tsiku lachiwiri, ndipo yisiti imene imagwira ntchito bwino pakati pa madigiri 18 ndi 22 inasiyidwa pa madigiri 27, kutentha kumene kumaichititsa kutulutsa ma fusel alcohol ambiri, omwe ndiwo amawotcha kukhosi. Za makinawa ndinalemba kalata kawiri konse, koma yankho silinabwere.

Mphamvu payokha si mlandu. Mowa wotchedwa barley wine umatha kupitirira 10 peresenti koma umatsika bwino, chifukwa umakhala ndi chimera chochuluka chouchirikiza. Mowa wamphamvu wofululidwa mosamala umalemera pa lilime, umafunditsa pang'onopang'ono, ndipo umatulutsa bwino fungo lake. M'thanki yathu yisiti inadya shuga amene akanatsalira kuti afewetse mowawo, motero kuwawa kwa hops, maluwa amene amathira mu mowa kuti uziwawa, kunatsala poyera, kukukanda m'kamwa.

Chimene chinandikwiyitsa ndi mawu a bwana woyang'anira zopanga, amene anabwera ali ndi ndandanda ya magalimoto m'manja.

"Thiranimo madzi mpaka ufike 5.2, palibe amene adziwe," iwo anatero.

"Bwana, nambalayo itsika ndithu," ndinayankha, "koma fungolo silichoka, ndipo karameli amene watsalayo asukuluka. Lawani nokha."

Ndinawasakanizira pang'ono m'tambula pamaso pawo. Analawa, anakwinya nkhope, koma anaumirirabe kuti ndisaine. Ndinakana, popeza pa zaka zonse zimene ndagwira ntchitoyi sindinaikepo dzina langa pa mowa umene ineyo sindingamalize tambula imodzi.

Lachinayi ndi Lachisanu tinalawa mathanki otsala, ndipo onse anadutsa. Yachitatuyo idakali yotseka podikira chiganizo cha akuluakulu, ndipo chitsulo cha makina oziziritsira akuti chibwera sabata yamawa.